Chaka Chomwe Ndinamana Tiya Zipatso

Anthu akamakamba za chaka chija, chotsatira chisankho choyamba cha matipate, amakamba za mvula yomwe inadula, za chimanga chomwe chinapsa chili m'mawondo, za mchere ndi sopo zomwe zinkakwera mtengo sabata ndi sabata. Zonsezo n'zoona, ndinaziona ndi maso angawa. Koma ine chaka chimenecho ndimachikumbukira m'kamwa mwa mwana wanga. Ndaganiza zolemba mwezi ndi mwezi, chifukwa ndikamafotokoza pakamwa ndimathamanga, ndipo ndimalumpha pomwe ndinalakwa.

Okutobala

Tinafika pa esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu dzuwa likuswa mtengo, ine Nambewe, amuna anga a Layitoni, ndi mwana wathu Tiyamike wazaka zitatu, yemwe tinkangomuti Tiya. Kwathu ndi kumudzi wina kufupi ndi Nathenje. Tinachokako chifukwa munda sunatipatse kanthu chaka chapitacho, komanso chifukwa ine sindinkathanso kudutsa njira ya kumanda.

Tiya sanali woyamba. Mchimwene wake Yohane anamwalira ali ndi zaka ziwiri, nyengo ya mango. Anatola mango pansi n'kudya, madzulo ake m'mimba munatseguka, tsiku lachitatu anali atapita. Pochapa nsalu zake ndinkaona ulusi wa mango. Palibe anandiuza kuti chamupha ndi mango, ndinadziuza ndekha, ndipo pa maliro pomwepo ndinalumbira mumtima kuti mwana wotsalayu sadzaika m'kamwa chinthu chomwe sichinadutse pamoto, ine ndili moyo. Inenso kuyambira tsiku limenelo chipatso sindinachikhudze.

Akapitawo anatipatsa kanyumba ka udzu pamzere wa matenanti, ndi phoso la mwezi: chimanga, nyemba, mchere. Dimba sankalola. Madzi a padamu anali a nazale, nthaka yonse inali ya fodya. Khomo lotsatana ndi lathu munkakhala Anagama, mayi wa ku Ntcheu wa ana asanu, wamawu okwera, woseka ngakhale zinthu zitavuta. Ana awo ankatuluka m'mamawa, kubwera madzulo milomo ili yachikasu, mimba zili mtunda. Ine ndinkawayang'ana ana amenewo n'kumati mumtima, mmodzi wa awa tiika chaka chino.

Novembala

Kuseri kwa zigafa kunali mitengo itatu ya mango. Mwezi umenewu inagwetsa kwambiri, ntchentche zili ng'waa, ndipo ana a pamzere ponse ankaswera kumeneko. Tiya ndinkamusunga pafupi ngati nsalu ya m'chiuno. Kunazale ndili naye, kuchitsime ndili naye, ngakhale kuchimbudzi ndinkamuimika pakhomo n'kumamuyankhulitsa kuti ndizimva mawu ake.

Tsiku lina ndinalowa m'nyumba kukatenga lichero, kanthawi kochepa chabe. Potuluka ndinapeza Tiya atakhala pamtondo, m'manja ali ndi kamango kakupsa komwe anampatsa mwana wa Anagama, ataboola kale kunsonga, madzi ake akutsikira m'chigongono. Sindikumbuka kuti ndinafika bwanji pamenepo. Ndinamumenya dzanja, kamango kanagwera m'fumbi, ndinamumenyanso, ndinamupisa chala m'kamwa kuti alavule, iye akulira.

Anagama anatuluka ndi mthiko m'manja. "Nambewe, mwana walakwa chiyani? Waba?"

"Muwauze ana anu asamampatse zinthu mwana wanga."

"Zinthu zake ziti? Mango? Ndiye mwati anga asanuwa akhala bwanji moyo, poti mmawa ndi mango, masana ndi mango, akagona amalota mango?"

"Anuwo ndi anu. Ine ndinaika kale mmodzi."

Anagama anabwerera m'nyumba. Ine ndinagwada pamaso pa Tiya, ndinamugwira mapewa n'kumuuza kuti, "Wina akakupatsa chipatso, manja kumbuyo. Wamva? Manja kumbuyo." Anali mwana womvera. Anaika manja kumbuyo pomwepo, misozi ili m'masaya, kundionetsa kuti wamva.

Disembala

Mvula inabwera mochedwa, ndipo itabwera tinathamanga nayo. Kuwokera fodya kuyambira kum'bandakucha, msana wowerama, kamunda ka chimanga kotsalira tinkabzala madzulo titatopa kale. Kenako kunamveka mphekesera yoti cha ku Diamphwe anthu akutsegula m'mimba n'kumafa tsiku lomwelo. Kaya zinali zoona, kaya ayi, ine zinandilowa m'mafupa. Pawailesi ya akapitawo ankati tiziwiritsa madzi, tizitsuka zipatso. Ine ndinati kutsuka n'kwa anthu omwe sanaikepo mwana.

Ndinayamba kuwiritsa chilichonse kawiri. Bonongwe ndi chisoso zitamera m'mizere, ndinkathyola, kuwiritsa, kutaya madzi oyamba, kuthira chidulo kuti zifewe, kuwiritsanso mpaka masamba asanduke bii ngati matope. Tomato wosaphika, ayi. Tiya ndiwo zoterozo ankazikana, ndipo ine sindinkamukakamiza, ndinkati bola phala, phala silinaphepo munthu. Mmawa phala la mgaiwa, masana kansima ndi msuzi wa nyemba, madzulo phala. A Layitoni tsiku lina anabwera ndi papaya lomwe anapatsidwa ndi mnzawo. Ndinalitaya kudzala. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a Tiya, mantha anuwa atidyetsa dothi."

"Dothi ladya kale Yohane," ndinatero.

Kunena zoona, mwezi umenewo ndinkanyada. Ana awiri a Anagama anatsegula m'mimba masiku angapo, wanga ayi. Ndinkati mwaona.

Januwale

Mvula inadula. Kumwamba kunkachita mitambo masana, mphepo n'kuibalalitsa, ife tili m'munda makosi m'mwamba. Chimanga chinapota masamba. Bonongwe wa m'mizere anauma. Akapitawo anatisonkhanitsa pansi pa chigafa n'kunena kuti phoso lichepa, nyemba zatha, ndipo mbali ina tizilandira gaga. Bambo wina anafunsa kuti kodi matipate aja tinavotera ndi amenewa, anthu anaseka, koma kuseka kwake kosafika m'mimba. Mabanja awiri anathawa osatsanzika. Ena ankapita kumsika wa boma ku Mitundu kukaima pamzere tsiku lathunthu n'kubwera ndi thumba lopinda m'khwapa. Kunamvekanso zoti kukubwera chimanga chaulere, kenako zoti chafika koma n'cha anthu a m'midzi, ife matenanti sitili m'kaundula wa mfumu iliyonse.

Tiya anayamba chimfine. Chinatha, china n'kubwera, kenako chifuwa. Anayamba kukonda kukhala pansi, mwana yemwe kale ankandizungulira ngati nkhuku. Chitsa cha m'munda chinamukala pamsongolo, kachilonda kakang'ono koti mwana wina aliyense masiku atatu kauma. Sabata inatha, yachiwiri inatha, kachilonda kali chinyowere, m'mbali mwake mukuda. Ndinkatsuka ndi madzi owiritsa a mchere, kumanga kansalu koyera, mmawa kumasula, chimodzimodzi. Ndinagula mankhwala a malungo pa kagolosale. Palibe chinasintha.

Ana a Anagama anaonda, inde, nthiti zinkawerengeka, koma ankathamanga. Mango atatha anasamukira ku magwafa aawisi a kudambo, ndi tizipatso tina ta kutchire tomwe mayina ake sindinkawadziwa. Akadzicheka, mawa lake nkhanambo. Ndinkaziona zimenezi, ine ndine munthu woona chilichonse, koma sindinazilumikize.

Febuluwale

Mmawa wina ndikumudyetsa phala, supuni inatuluka m'kamwa ili ndi mzere wofiira. Ndinaganiza kuti wadziluma lilime. Ndinamutsegula kukamwa padzuwa. Nkhama zinali zitatupa, zofiirira ngati chiwindi, zitakwera mpaka kubisa timano, ndipo nditangokhudza ndi chala magazi anatuluka. M'kamwa munkanunkha. Sabata yomweyo anakana kuyenda. Ndikamuimika ankapinda miyendo n'kulira, ndikamugwira m'mawondo ankakuwa ngati ndamuotcha. M'miyendo munatuluka timadontho tofiira, ndi mabala akuda ngati wamenyedwa, chonsecho chimenyereni tsiku la mango lija sindinamukhudzenso.

Azimayi a pamzere anabwera kudzaona. Anayang'ana miyendo yotupayo, n'kuyang'anana. Mawu oti tsempho anayamba ndi ndani sindikudziwa, koma pofika madzulo anali pamzere ponse: kuti mmodzi wa ife makolo wayenda njira yosayenera n'kubwera kudzamugwira mwana kapena kuthira mchere m'ndiwo. Ngakhale Anagama ankakhulupirira zimenezo. Anandikokera kuseri n'kunena motsitsa mawu, zomwe sizinali khalidwe lawo.

"Afunseni bwino bambo akunyumbawo. Ku Mitundu kuja amakaima pamzere wa chimanga wokhawokha?"

Ndinawafunsa. A Layitoni anali akusoka fodya m'chigafa, anaika singano pansi.

"Mwana akudwala, inu mukundifunsa za akazi? Mphamvu yake ndiitenge kuti, ya gaga?"

"Ndiye chamutupitsa miyendo n'chiyani?"

"Mukandifunsa ine, ine ndifunse ndani? Amene mumakhala naye usana wonse ndinu."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo masiku anayi sitinayankhulane. Tinapitabe kwa munthu wa zitsamba, anatipatsa mizu yoti tiwiritse timwe tonse atatu. Tinamwa. Dzino limodzi la Tiya linayamba kugwedera.

Tsiku lina Anagama anabwera ndi magwafa awiri akupsa m'nsonga ya chitenje. Sanabwere nawo ngati mankhwala, iwo ankangoona mwana wosadya. "Mpatseni ako kofewa ka m'katika, mwina kamutsegula kukhosi. Njala sisankha mbale, Nambewe." Anatambasula dzanja kwa Tiya, yemwe anali gone pamphasa. Mwana uja, wofooka choncho, anasuntha timanja take n'kutibisa kumbuyo. Anagama anandiyang'ana. Ine ndinati zikomo, koma zowawasa pa zilonda za m'kamwa ndiye kuonjezera moto. Anabwerera nawo magwafa awo, ana awo anadya.

Malichi

Kumayambiriro kwa mwezi thupi la Tiya linatentha, chilonda cha pamsongolo chinayamba mafinya, phala ankangolisunga m'kamwa. A Layitoni ndi amene anayamba kuyankhula. Anati mwanayu tipite naye kwanu, amalume ake amuone, chikachitika chinthu chisachitikire pa esiteti ya eni. Ndinamva chomwe ankatanthauza. Ankanena za malo a pambali pa Yohane.

Anabwereka njinga, tinanyamuka mmawa kudzera njira zachidule za fumbi, ine pakaliyala, Tiya kumsana, mutu wake ukundiotcha pakati pa mapewa. Minda yonse ya m'njira inali mapesi oyera opanda kanthu. Ndinkangoyika dzanja kumbuyo kumva ngati akupuma. Titayandikira Nathenje, pamphambano yopita kumudzi, ndinawagwira malaya a Layitoni n'kunena kuti ayi, kumanda sindikupita naye, tiyambe takhotera kuchipatala. Chomwe chinandiletsa kupita kuchipatala miyezi yonseyo ndinene: Yohane ndinapita naye mochedwa ndipo anatsirizikira pabenchi, ndiye kwa ine chipatala chinali malo omwe amakulanda mwana.

Tinadikira pamzere mpaka dzuwa litapendeka. Anatilandira anamwino achikulire ovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anamutsegula Tiya kukamwa, anayang'ana miyendo, anamasula kansalu ka pachilonda. Kenako anakhala pansi n'kundifunsa kuti mwanayu amadya chiyani.

Ndinayankha molimba mtima, chifukwa apa pokha ndinkadziwa kuti sindinalakwe. Ndinati phala, nsima, nyemba zikapezeka, zonse zowiritsa bwino, madzi owiritsa, sadya chilichonse chapansi.

"Zipatso?"

"Ayi, sindimulola."

"Mango, magwafa, malalanje, bwemba, ngakhale tomato?"

"Ngakhale chimodzi, amayi. Ine ndimasamala."

"Masamba?"

"Ndimawiritsa kawiri, ndi chidulo. Koma iye amakana."

"Kuyambira liti?"

"Zipatso n'kale, masamba chifikireni ku esiteti. Okutobala."

Anavula magalasi aja n'kupukuta m'maso. "Mwana wanga, ichi ndi chiseyeye chomwe chalowerera. M'zipatso ndi m'masamba osapsetsa muli chakudya china chomwe timati vitamini C. Thupi silichipanga lokha, ndipo silichisunga nthawi yaitali, chimafunika chizilowa pafupipafupi. Chikasowa miyezi ingapo, nkhama zimatupa, magazi amatuluka pansi pa khungu ndi m'mafupa, n'chifukwa chake akulira mukamugwira miyendo. Chilonda sichipola chifukwa thupi lasowa ulusi wosokera. Ndipo asilikali a m'thupi amafooka, chitetezo chimatsika, ndiye chimfine chilichonse chodutsa chimakhala chake."

Nditamva za chitetezo ndinachita mantha, chifukwa masiku amenewo mawu amenewo tinkawamva pawailesi akamanena za matenda atsopano osachiritsika aja. Ndinafunsa ngati ndi omwewo. Anati zomwe akuona iwo ndi njala ya chinthu chimodzi, ndipo tiona m'masiku ochepa mwana akayamba kulandira chinthucho.

"Nanga masamba aja ndinkaphika?"

"Moto wautali umachipha, chidulo chimachipha, ndipo chotsala chimapita ndi madzi omwe mumataya aja."

A Layitoni anafunsa motsitsa mutu ngati si tsempho. Anamwino anati, "Bambo, za kunyumba kwanu sindizidziwa. Koma miyendo iyi ndaidziwa."

Pamenepo ndinayamba kulira, ndipo ndinawauza za Yohane, za ulusi wa mango m'nsalu, zonse, mothamanga, mawu akupondana. Anandisiya mpaka nditamaliza.

"Chomwe chinatenga mwana wanu sindingachidziwe, sindinamuone. Mwina ndi zomwe ntchentche zinasiya pakhungu la mango, mwina madzi. Koma si mango enieniwo. Madzi pitirizani kuwiritsa, pamenepo munachita bwino. Chipatso tsukani ndi madzi abwino, m'manja musambe, mumpatse. Lero lomwe."

Anatipatsa timapiritsi ta vitamini uja, mankhwala a chifuwa ndi a chilonda, n'kutiuza kuti tisabwerere ku esiteti, tikhale pafupi, tibwerenso pakatha masiku atatu.

Pamsewu waukulu, pomwe pamaima maminibasi, panali azimayi ogulitsa magwafa m'milu. A Layitoni anagula mulu umodzi. Tinakhala pakhonde la sitolo yotseka. Ndinatsuka gwafa limodzi ndi madzi owiritsa a m'botolo langa, kawiri, katatu, ndinaling'amba pakati, m'kati muli mofiira mofewa. Fungo lake linandibwezera tsiku la maliro. Mutu unkandiuza zomwe anena anamwino, koma dzanja linkakana, linkati ukumupatsa mwana chomwe chinapha mnzake. Ndinalikakamiza dzanjalo. Ndinatapa pang'ono ndi supuni n'kumuyandikiza.

"Tiya, idya."

Anayang'ana supuni, anayang'ana ine. Kenako anaika manja kumbuyo n'kutseka pakamwa.

"Idya, mwana wanga, ndakulola."

"Mundimenya," anatero, mawu ake ang'onong'ono, otuluka m'kamwa motupa.

Bambo ake anayesa, Tiya anakana. Ndinamunyengerera, ndinalonjeza, ndinatsala pang'ono kukalipa, ndipo ndinazindikira kuti ndikakalipa ndiye ndatseka chitseko. Mayi wina wa magwafa yemwe ankationera anati, "Inu, mwana sakhulupirira pakamwa ponena, amakhulupirira pakamwa potafuna. Idyani inuyo aone."

Chiikireni Yohane ndinali ndisanalawe chipatso. Ndinatenga theka linalo, ndinatseka maso, ndinaluma. Nditalichotsa pakamwa, pomwe panadutsa mano anga panali magazi. Anga. Nkhama zanga zinali zikundiwawa kwa milungu ingapo, koma ndinalibe nthawi yoziganizira.

Tiya anayang'ana gwafa lija, n'kundiyang'ana kukamwa.

"Amayi, nanunso mukudwala?"

"Eya, nanenso. Awa ndi mankhwala athu tonse awiri."

Ndinatafuna, ndinameza, iye akundiyang'anitsitsa pakhosi. Anadikira, ngati akuona ngati ndigwe. Kenako dzanja limodzi linatuluka kumbuyo kuja pang'onopang'ono. Linalo linatsala komweko.

Epulo

Tinakhala kwa amalume ake a Tiya. Pasanathe sabata magazi a m'kamwa analeka ndipo anasiya kukuwa ndikamugwira miyendo. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali. Dzino logwedera lija linachoka, ena analimba. Tsiku lomwe anaimirira yekha n'kuyenda kuchoka pamphasa kufika pankhokwe yopanda kanthu ya amalume, ndinali ndikusenda maungu, ndipo sindinayankhule, ndinkaopa kuti mawu anga amugwetsa.

Kumanda ndinapitako mwezi womwewo, ndekha, masana. Sindinanene zambiri. Ndinazula udzu.

Meyi

Tinabwerera ku esiteti kukamaliza fodya. Anali wopepuka, wamasamba ang'onoang'ono, ndipo chimanga cha m'kamunda kathu sichinadzaze ngakhale ngolo. Njala sinathe chaka chimenecho, inangosintha malo okhala. Anagama nditawafotokozera zomwe ananena anamwino anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye mwati ana anga akubawa ndi madokotala? Ine kumawakalipira tsiku ndi tsiku kuti atha magwafa a eni."

Kenako anasiya kuseka, anati, "Komatu aja awiri ndinabwera nawo aja, mukanalandira." Ndinati ndikudziwa. Za tsempho sanazitchulenso, ndipo kwa a Layitoni ndinapepesa ndekha.

Tiya lero ndi mayi wa ana awiri, miyendo yake ndi yolimba, mano ali onse. Za chaka chimenecho akuti sakumbukira kanthu. Pakhomo panga pali mandimu, magwafa ndi mango, ndinabzala ndekha, ndipo adzukulu anga amathyola mmene afunira, ine ntchito yanga ndi kuthamanga pambuyo pawo ndi beseni la madzi. Koma akabwera Tiya kudzacheza, ndikamupatsa chipatso chotsukatsuka m'mbale, amachitenga, amachifikitsa pafupi ndi pakamwa, kenako amaima pang'ono n'kundiyang'ana kumaso. Iye sadziwa kuti amatero. Ine ndimagwedeza mutu, ndipo akatero amaluma.